Woimbira Anaima Pati? Mbiri ya Maso Oyang'anira Basketball

Pa masewero a basketball a ligi zikuluzikulu, m'bwalo mumathamanga anthu 13. Khumi ndi osewera, atatu ndi oimbira. Ife ochemerera timatsata mpira, makamera amatsata mpira, ngakhale makochi maso awo sachoka pa mpira. Koma mwa oimbira atatu aja, kawirikawiri mmodzi yekha ndiye amakhala ndi udindo woyang'ana munthu amene wagwira mpira pa nthawiyo. Awiri enawo anaphunzitsidwa kuyang'ana kwina. Woimbira amene akugwira bwino ntchito yake akhoza osaona n'komwe chigoli chokongola kuposa zonse za tsikulo, chifukwa maso ake anali pa zigongono za anthu awiri amene amakankhana kutali ndi mpira.

Dongosolo limeneli silinabwere tsiku limodzi. Linatenga zaka pafupifupi 100 kuti likhazikike, ndipo m'njiramo munali mikangano, kuumira ndalama, komanso munthu amene anatsala pang'ono kufera m'bwalo. Ndikufuna tiyende m'mbiri imeneyi chifukwa ndimakhulupirira kuti woimbira akalakwitsa, funso loyamba liyenera kukhala lakuti anaima pati. Lija timathamangira kukuwali, lakuti wadya zingati, lizibwera pambuyo.

Wina aone mpira, wina aone anthu

Mu December 1891, James Naismith, mphunzitsi wochokera ku Canada amene ankagwira ntchito pa sukulu ya YMCA ku Springfield, Massachusetts, anafunika kupeza masewero oti ophunzira ake azichita m'nyumba nyengo yachisanu. Anakoleka madengu awiri otolera mapichesi, n'kugawa kalasi yake ya anyamata 18 m'matimu awiri a anthu 9. Malamulo amene analemba analipo 13, ndipo anasindikizidwa mu January 1892 m'nyuzipepala ya pasukulupo yotchedwa The Triangle.

Awiri mwa malamulowo ankanena za oimbira. Woyamba, amene anamutcha umpire, anali woweruza anthu. Iye ankawerenga mafaulo ndipo anali ndi mphamvu zotulutsa wosewera. Wachiwiri, amene anamutcha referee, anali woweruza mpira. Ankagamula ngati mpira watuluka kapena ayi, ngati ndi wa timu iti, ngati chigoli chalowa, komanso ankasunga nthawi.

Chimene chimandisangalatsa apa n'chakuti Naismith anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti munthu mmodzi sangayang'ane mpira ndi anthu nthawi imodzi. Komabe iye anagawa ntchito potengera mtundu wake, osati malo. Palibe lamulo ndi limodzi lomwe mwa 13 aja limene linanena poti woimbira aime. Taganizirani zotsatira zake. Woweruza mpira akhoza kukhala pafupi ndi anthu awiri amene akukankhana, n'kuona zonse, koma nkhaniyo si yake. Mwini nkhani ali kutsidya lina la bwalo, ndipo pakati pa iye ndi chochitikacho pali misana ya anthu.

Masiku amenewo vutoli silinkaoneka kwenikweni chifukwa masewerowo anali odekha. Kuthamanga ndi mpira kunali koletsedwa, ndipo luso lodunditsa mpira uku ukuyenda linabwera pambuyo. Chigoli chikalowa, aliyense ankabwerera pakati kukayambiranso. Masewero oyambirira enieniwo anatha 1-0. Woimbira ankakhala ndi nthawi yopuma, yoyenda ndi yosankha poima.

Mpira utayamba liwiro

Zinthu zinasintha malamulo atayamba kuthamangitsa masewero. Pofika 1897 matimu a anthu asanu anali atakhazikika. Mu 1932, ku America anajambula mzere pakati pa bwalo n'kulamula kuti timu iwoloke ndi mpira pasanathe masekondi 10. Mu 1936 anakhwimitsa lamulo loletsa wosewera kukhala pansi pa dengu kupitirira masekondi atatu. Mu 1937 anathetsa zobwerera pakati chigoli chilichonse chikalowa, kotero kuti timu imene yachinyidwa inkangotola mpira n'kuliyatsa liwiro. Ndiye mu 1954 ligi ya NBA inabweretsa wotchi ya masekondi 24, imene Danny Biasone, mwini timu ya Syracuse Nationals, anailimbikira kwambiri. M'sizoni imodzi yokha, mapointi amene timu inkagoletsa pa masewero anakwera kuchoka pa 79.5 kufika pa 93.1.

Lamulo lililonse latsopano linkapatsa woimbira chinthu china choti awerenge ndi malo ena oti ayang'ane. Mapazi a uyu ali pa mzere? Uyo wakhala masekondi angati m'bokosi? Mpira unachoka m'manja wotchi isanalire? Kugawana kwa Naismith, koti wina mpira wina anthu, sikukanathanso kugwira ntchito. Pang'ono ndi pang'ono oimbira onse awiri anapatsidwa mphamvu zofanana zoimbira chilichonse, ndipo chimene anayamba kugawana ndi bwalo. Mayina akale aja sanafe. Mpaka lero, m'malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, mkulu wa oimbira amatchedwa crew chief ndipo anzake amatchedwa umpire, ngakhale ntchito ya kuimba wenzulo ndi imodzimodzi kwa onse.

Dongosolo la anthu awiri limayenda chonchi. Mmodzi, amene pa Chingerezi amamutcha lead, ine ndizimutcha wotsogola, amathamanga kutsogolo kwa mpira n'kukaima kunja kwa mzere wakumapeto, kuseri kwa dengu. Winayo, trail, amene ndizimutcha wam'mbuyo, amatsalira kumbuyo kwa mpira chakumbali ina, mopingasana ndi mnzake. Cholinga n'chakuti osewera onse khumi akhale pakati pa oimbira awiriwo, pasapezeke wina kumsana kwawo. Mpira ukalandidwa n'kuyamba kulowera kwina, maudindo amatembenuka: wam'mbuyo amasanduka wotsogola, wotsogola amasanduka wam'mbuyo. Okonda mpira wamiyendo akudziwa nzeru yofananayo, poti nayenso woimbira wawo amathamanga mopingasa bwalo kuti mpira ukhale pakati pa iye ndi wonyamula mbendera, njira imene Stanley Rous anaitchukitsa pa fainolo ya FA Cup mu 1934. A FIBA anafika pogawa theka la bwalo m'zigawo zisanu ndi chimodzi za m'maganizo, kuti woimbira aliyense adziwe zake malinga ndi pamene mpira uli.

Nzeruyi ndi yabwino, koma ili ndi pothera. Bwalo la FIBA la masiku ano ndi la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi. Popeza osewera onse khumi amaunjikana theka limodzi, aliyense amakhala ndi malo okwana masikweya mita 21 okha. Pa bwalo la mpira wamiyendo la mamita 105 ndi 68, wosewera aliyense ali ndi oposa 300. Pothinana chonchi, matupi a osewera amasanduka makoma. Woimbira mmodzi akakhala ndi mpira, mnzake amatsala ndi anthu asanu ndi atatu.

Masekondi atatu a ku Munich

Fainolo ya basketball pa Olympics ya ku Munich mu September 1972 imakumbukiridwa chifukwa cha wotchi. America, imene inali isanagonjepo pa basketball ya Olympics, inatsogola 50-49 kutatsala masekondi atatu, Doug Collins atagoletsa mipira iwiri ya faulo. Kenaka panabuka chisokonezo pa tebulo la osunga nthawi, mlembi wamkulu wa FIBA William Jones analowererapo, ndipo Soviet Union inapatsidwa mwayi woponya mpira kuchokera kunja katatu. Ulendo wachitatuwo, Ivan Edeshko anaponya mpira kuchokera kumapeto ena a bwalo kukafika kumapeto anzake, Alexander Belov anaugwira pakati pa Kevin Joyce ndi Jim Forbes n'kugoletsa. Masewero anatha 51-50, ndipo osewera a America anakana mamendulo awo a siliva mpaka lero.

Za wotchizo ena analemba kale zambiri. Ine chidwi changa chili pa oimbira awiri a tsikulo, Renato Righetto wa ku Brazil ndi Artenik Arabadjian wa ku Bulgaria. Arabadjian anali ndi Edeshko pa mzere, ndipo anakodola Tom McMillen, amene ankatchinga woponyayo. McMillen anamva ngati akuuzidwa kuti abwerere m'mbuyo, n'kusiya mpata. Mnzake wa Arabadjian anatsala ndi bwalo lonse, kuphatikizapo anthu atatu amene ankalimbirana mpira m'mwamba pansi pa dengu. A America anadandaula kuti Belov anakankha, ena anati Edeshko anaponda mzere. Kaya zinali zoona kaya ayi, chilichonse mwa zinthu ziwirizi chinaonedwa ndi woimbira mmodzi yekha, kuchokera mbali imodzi yokha. Mendulo ya golide, pa nthawi imene mayiko awiriwa ankaonerana m'kodi pa china chilichonse, inatsamira pa maso a anthu awiri otalikirana bwalo lathunthu.

Nkhonya ya mu 1977

Chimene chinagwedeza NBA sichinali kuluza chikho koma magazi. Sizoni ya 1977-78 itangoyamba kumene, pa masewero oyamba enieni, Kent Benson wa Milwaukee Bucks anagunda Kareem Abdul-Jabbar ndi chigongono pamimba. Abdul-Jabbar anabwezera nkhonya imene inagwetsa Benson, iye mwini n'kuthyoka dzanja. Masiku amenewo ndewu m'bwalo zinali zosadabwitsa, ndipo matimu ambiri ankasunga munthu mmodzi wamphamvu woteteza akatswiri awo.

Pa 9 December 1977, Los Angeles Lakers inkasewera ndi Houston Rockets ku Inglewood, California. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Houston inatola mpira pansi pa dengu n'kuyamba kuthamangira kutsogolo. Kumbuyo, Kermit Washington wa Lakers ndi Kevin Kunnert wa Rockets anayamba kukokana, ndipo mkanganowo unakula n'kukhala ndewu chapakati pa bwalo. Rudy Tomjanovich, kaputeni wa Rockets, anathamangira komweko. Washington anaona munthu akubwera mwaliwiro kumbuyo kwake, anatembenuka n'kuponya nkhonya. Mafupa a nkhope ya Tomjanovich anasweka, chigaza chinang'aluka, ndipo madzi a mu ubongo ankadontha. Anapulumuka, koma sizoni yake inathera pomwepo. Washington analipitsidwa chindapusa cha madola 10,000 ndi kuimitsidwa masiku 60.

Onani pamene nkhaniyi inayambira. Inayambira kumbuyo kwa mpira, pa nthawi imene oimbira awiri amakhala pa mpanipani woposa nthawi zonse: wina akupikisana liwiro ndi osewera kuti akafike pansi pa dengu, wina akuyesa kutsata mpira uku akuyang'anira otsalira. Wenzulo imodzi yolira pa kukokana koyambako ikanatha kuimitsa zonse. Palibe angalumbire kuti woimbira wachitatu akanaletsa nkhonya ija, koma akuluakulu a ligi, motsogozedwa ndi Larry O'Brien, anaona pamene panali bowo. Sizoni yotsatira, ya 1978-79, masewero aliwonse a NBA anaimbiridwa ndi anthu atatu.

Izi zinangokhala chaka chimodzi. Ligi inali ndi matimu 22, iliyonse masewero 82, kutanthauza masewero 902 pa sizoni, osawerengera a ndime zochotsana. Woimbira wachitatu ndiye kuti malipiro, tikiti ya ndege ndi chipinda cha hotela maulendo 902, pa nthawi imene matimu ambiri ankalira ndalama. Eni matimu anabwerera ku oimbira awiri. Chodabwitsa n'chakuti sizoni yomweyo ya 1979-80 ndi imene NBA inajambula mzere wa mapointi atatu. Osewera anayamba kumwazikira kutali ndi dengu, panabwera mzere wina woti mapazi aziyang'aniridwa, ndipo maso oyang'anira anachepetsedwa. Kwa ine, apa ndiye pagona phunziro lalikulu la mbiri yonseyi. Vuto linadziwika, mankhwala anapezeka, koma chilungamo chinaikidwa pa sikelo ndi ndalama n'kupepuka kwa zaka zina zisanu ndi zinayi.

Garretson ndi Strom

Amene anabwezeretsa woimbira wachitatu ndi Darell Garretson, yemwe anakhala mkulu woyang'anira oimbira a NBA kuyambira 1981 mpaka 1998. Pofika sizoni ya 1988-89 ligi inali italemera, matimu atafika 25, ndipo David Stern ndiye anali pa mpando. Kuyambira pamenepo oimbira atatu anakhazikika.

Garretson amakumbukiridwanso ndi chiphunzitso chakuti woimbira aziyang'ana wotchinga m'malo moyang'ana amene ali ndi mpira. Poyamba zimamveka zokhota, koma taganizirani. Anthu awiri akagundana pafupi ndi dengu, chigamulo chimadalira ngati wotchinga anafika pamalopo poyamba, mapazi onse ali pansi, atayang'anizana ndi mnzakeyo. Ngati maso ako anali pa wodunditsa mpira, wotchinga umamuona pa nthawi yogundana yokha, ndipo sungadziwe ngati anafika msanga kapena mochedwa. Umangoona munthu akugwa, n'kuyamba kulota.

Si onse anagwirizana naye. Earl Strom, amene ambiri amamutenga ngati woimbira wamkulu kuposa onse m'mbiri ya NBA, ankakhulupirira kuti woimbira wabwino amadziwika ndi nzeru zake zowerenga masewero, zodziwa poimba ndi posiya. Iye ankaona kuti dongosolo la Garretson likusandutsa oimbira kukhala anthu ongotsata malangizo, onse ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Strom anapuma ntchito mu 1990. Onse awiri ali mu Hall of Fame ya basketball ku Springfield, Strom kuyambira 1995, Garretson kuyambira 2016.

Mfundo ya Strom siyofunika kuipeputsa. Wenzulo zitatu zikhoza kulira mosiyana, wina wokhwimitsa, wina wolekerera, osewera n'kusowa chogwira. Komanso woimbira wamantha akhoza kubisala kuseri kwa dongosolo, kuona faulo yoonekeratu n'kungoti si dera langa. Komabe ine ndili mbali ya Garretson, pa chifukwa chimodzi. Anthu ngati Strom sabadwa kawirikawiri. Ligi imene ili ndi masewero oposa 1,000 pa chaka singadalire kuti usiku uliwonse kupezeka katswiri wotero. Imafunika njira yoti munthu wamba wakhama, akaphunzitsidwa bwino, aziona zimene ayenera kuona. Ndipo ngakhale Strom mwiniwakeyo sakanatha kupenya kupyola msana wa munthu wotalika mamita awiri.

Mafuwa atatu

Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Dongosolo la atatu linasunga wotsogola ndi wam'mbuyo, n'kuwonjezera wapakati, amene FIBA imamutcha centre pomwe a NBA amati slot. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wotsogola ndi wam'mbuyo amaima mbali imodzi, imene kuli mpira, ndipo wapakati amaima mbali inayo, pa mzere wam'mbali, molunjika mzere woponyera mipira ya faulo. Aliyense ali ndi dera lake. Wotsogola amayang'ana nkhondo ya pansi pa dengu kumbali yake. Wam'mbuyo amayang'ana zochitika kunja, chakumzere wa mapointi atatu. Wapakati amasamala mbali imene kulibe mpira, kumene anthu amatsekerezana, kukokana malaya ndi kukankhana pokonzekera mpira wodunda kuchokera kudengu. Kumeneku ndi kumene kale kunalibe mwini.

Mpira ukasamukira mbali ya wapakati n'kukhazikika kumeneko, wotsogola amayenda kuseri kwa dengu kuwolokera mbali imeneyo. Wapakati akaona kuti mnzake wafika amakwera n'kukhala wam'mbuyo, ndipo amene anali wam'mbuyo amatsika n'kukhala wapakati. Zonsezi zimachitika popanda kulankhulana, mwina kangapo m'masekondi 24. Mpira ukatembenuka kulowera dengu lina, wam'mbuyo amakhala wotsogola, wotsogola amakhala wam'mbuyo, wapakati amakhalabe wapakati. Pamenepa ndiye pali yankho la zimene zinachitika ku Inglewood. Pali wothamangira kutsogolo, pali woyenda ndi gulu, ndipo pali wotsalira amene sayenera kusiya osewera kumsana kwake.

Kuima m'dera lako pakokha sikokwanira. Oimbira amaphunzitsidwa kufunafuna mpata pakati pa osewera awiri amene akulimbana. Ukaima molunjika nawo, wina amaphimba mnzake, ndipo dzanja limene lamenya mkono limaoneka ngati lamenya mpira. Nthawi zina sitepe imodzi kumanzere ndi imene imasiyanitsa chigamulo cholondola ndi cholakwika. Malangizo a FIBA amalimbikitsa kukhala pa mtunda wa mamita atatu mpaka asanu ndi limodzi kuchokera pa chochitika, komanso kukhala utaima pa nthawi yogamula, chifukwa mutu ukamagwedezeka ndi liwiro maso saona bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ochemerera timakonda kukuwa kuti woimbira anali pompo koma sanaone. Nthawi zambiri kuyandikira kwambiriko ndiye vuto, poti munthu amaona chigongono chokha osaona thupi lonse.

FIBA inachedwerapo, koma m'zaka za m'ma 2000 nayo inatsata. Pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Japan mu 2006, umene Spain inapambana pogonjetsa Greece 70-47 mu fainolo, oimbira anali atatu.

Chifukwa chake maso amafuna malire

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji oimbira atatu onsewo osangoyang'ana chilichonse, kuti wina akaphonya mnzake aone. Yankho lili m'mene diso linapangidwira. Mbali imene timaona mwatsatanetsatane ndi yaing'ono kwambiri, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu mkono utatambasulidwa. Zina zonse timaziona mwachimbuuzi, ubongo n'kumadzaza mipata.

Mu 1999, akatswiri a zamaganizo Daniel Simons ndi Christopher Chabris anachita kafukufuku ku Harvard amene anatchuka padziko lonse, ndipo mwamwayi anagwiritsa ntchito mpira wa basketball womwewu. Anaonetsa anthu kanema wa matimu awiri akupatsirana mipira, n'kuwauza kuti awerenge kuti ovala zoyera apatsirana kangati. Mkati mwa kanemayo munadutsa munthu atavala ngati nyani wamkulu uja wotchedwa gorilla. Pafupifupi theka la oonera sanamuone. Maso awo anali otsegula, nyaniyo anadutsa pakati penipeni, koma maganizo anali pa mpira.

Ndiye oimbira atatu amene onse akutsata mpira ali ngati woimbira mmodzi wolipidwa katatu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Dongosolo lonseli limagona pa kukhulupirirana. Wapakati amasiya chigoli chikupangidwa kutsidya n'kuyang'ana anthu ake awiri, pokhulupirira kuti mnzake ali nacho. Amaloledwa kuimba kunja kwa dera lake pokhapokha chinthucho chili chachikulu, choonekeratu, ndipo mwini dera sanathe kuchiona. Ndikuganiza kuti ili ndi limodzi mwa maluso ovuta kwambiri m'masewero onse, chifukwa limalimbana ndi chibadwa cha munthu.

Makamera, ndi zimene malo sangakonze

Kuwonjezera maso sikunathere pa atatu. NBA inayamba kugwiritsa ntchito kanema pounika zigamulo zina m'sizoni ya 2002-03. Mu 2014 inatsegula likulu lounikira makanema ku Secaucus, New Jersey. Mu 2015 inayamba kutulutsa malipoti a zigamulo za mphindi ziwiri zomaliza pa masewero othinana, ndipo mu 2019 makochi anapatsidwa mwayi wotsutsa chigamulo. M'sizoni ya 2016-17 inayesaponso oimbira anayi ndi asanu mu ligi yake yaing'ono, koma atatu ndiwo anatsala. Kanema amathandiza pa mafunso a mzere ndi wotchi, ngati a ku Munich aja. Koma amabwera chinthu chitachitika kale. Sangaimitse kukokana malaya kusanasanduke nkhonya. Ntchito imeneyo ikadali ya munthu amene waima pamalo oyenera ndi wenzulo kukamwa.

Sindikunena kuti oimbira onse ndi angelo. Mu 2007, Tim Donaghy, amene anaimbira mu NBA zaka 13, anavomera m'khoti milandu yokhudza kubetcha pa masewero ndi kupereka nkhani zamkati kwa otchova juga, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 15. Ankadziwa bwino lomwe poima. Dongosolo la malo limathandiza munthu woona mtima kuona bwino, silisintha mtima wa munthu. Komabe lili ndi phindu lina limene sitiliganizira. Popeza dera lililonse lili ndi mwini, oyang'anira oimbira akhoza kubwerera ku kanema n'kufunsa mafunso oyankhika: chochitikachi chinali cha yani, anali pamalo ake, anali ndi mpata woona? Kulakwitsa kwa munthu amene anaphimbidwa kumasiyana ndi kwa munthu amene anaona zonse n'kukhala chete. Popanda dongosolo, zolakwa zonse zimafanana, ndipo wachinyengo amabisala pakati pa osadziwa.

Nanga ife?

Pa mabwalo a m'sukulu zathu sipakhala kamera younikira, ndipo kupeza oimbira atatu ophunzitsidwa bwino pa masewero amodzi si chinthu chapafupi. Tili pamene NBA inali mu 1979, kudziwa chofunika koma thumba likukana. Sindikuona chochititsa manyazi pamenepo, bola tizinena zoona. Tikasankha oimbira awiri, tavomereza kuti mbali ina ya bwalo idzakhala yopanda mwini nthawi zina, ndipo si chilungamo kudzatukwana anthu awiriwo chifukwa cha bowo limene tinalisiya tokha pokonza bajeti. Amene amakonza mipikisano ya ophunzira aziika ndalama ya oimbira, ndi ya maphunziro awo, pamzere umodzi ndi ya mayunifomu ndi zikho. Oimbira awiri odziwa kugawana bwalo amaona zambiri kuposa atatu othamangira mpira.

Kwa anzanga ochemerera ndili ndi pempho laling'ono. Masewero akubwerawa, sankhani mphindi ziwiri zokha musiye mpira, mutsate woimbira mmodzi. Onani ngati akusuntha kufuna mpata pakati pa osewera, ngati akuima asanaimbe, ngati maso ake akukhala pa dera lake mpira uli kutsidya. Mukatero mudzatha kusiyanitsa woimbira waulesi ndi woimbira amene anaphimbidwa, ndipo mukadzakuwa, mudzakuwa zimene mukuzidziwa.